Kalata kwa Tadala, wofunsa za ntchito

Tadala, mdzukulu wanga,

Moni wochokera kuno ku Limbuli. Tonse tili bwino, mvula ikugwa ndipo chimanga chamera. Amayi ako anandiuza pa foni kuti unawafunsa mafunso awiri: n'chifukwa chiyani amalawirira ku tiyi nkhuku zisanatsike, ndipo kodi munthu amaleka nthawi yanji kugwira ntchito. Popeza uli Sitandade 4 ndipo umawerenga wekha, ndati ndikuyankhe m'kalata. Pamene pakuvute uwafunse amalume ako.

Tiyambe ndi nsima imene wadya dzulo. Isanafike m'mbale mwako, wina anaunga mizere dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, anabzala mvula yoyamba itagwa, anathira feteleza kawiri, anapalira, anabandira, anakolola, anatonola, anakonola, n'kupita kuchigayo. Mchere, sopo, kope lako ndi yunifolomu sizimera m'munda, ndiye pamafunika ndalama, ndipo ndalamazo ndi zimene amayi ako amakafuna ku tiyi. Ntchito ndi ya zimenezo: kuti pakhomo padyedwe, ana avale, wodwala afike kuchipatala, komanso kuti anthu ena amene sitidzawaona n'komwe apeze chimene akusowa. Tiyi wa kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amamwedwa mpaka ku Britain ndi ku South Africa. Tsono ngati ntchito ilipo kuti isamale anthu, siyenera kuwononga munthu amene akuigwirayo. Iyenera kukhala ndi muyezo.

Muyezo umenewu amayi ako amaudziwa bwino, chifukwa mtengo wa tiyi sulola chinyengo. Wothyola wodziwa amatenga nsonga ndi masamba awiri anthete basi. Masamba akuluakulu am'munsi amawasiya, popeza ndiwo amalandira dzuwa n'kudyetsa mtengo wonse. Pamwamba pa mitengoyo amapasunga posalala, ndipo mphukira zimene zatulukira pamwambapo ndizo zothyola. Nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, amabwereranso pa mtengo womwewo pakapita masiku 7 mpaka 14, osati m'mawa uliwonse. Wadyera amathyola mozama kuti dengu lidzaze msanga, koma akafika pa sikelo kapitawo amakana masamba okhwimawo, ndipo mtengo uja umachedwa kuphukanso. Wina amapondereza masamba m'dengu kuti alowe ambiri. Masamba opanikizika amatentha, amafiira asanafike ku fakitale, tiyi wake n'kutuluka wosakoma. Dziwanso kuti pamafunika makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, ndiye ganiza manja angati amene agwira paketi imodzi ya m'golosale. Pakapita zaka zingapo mtengo amaudulira n'kuusiya milungu yambiri osaukhudza, kuti utenge mphamvu. Thupi la munthu nalonso limafuna kulisiyira masamba ake am'munsi, omwe ndi tulo, chakudya ndi tsiku lopuma.

Dziko lathu linalemba muyezo wa anthu akuluakulu m'lamulo la ntchito la chaka cha 2000. Munthu wolembedwa ntchito sayenera kupitirira maola 48 pa sabata. Ngati amagwira masiku 6, ndiye kuti maola 8 pa tsiku. Chulukitsa wekha 8 ndi 6 m'kope mwako uone. Akagwira masiku 6 otsatizana, ayenera kupuma tsiku lathunthu, maola 24. Bwana akafuna kuti apitirize nthawi yoweruka itakwana, imeneyo ndi ovataimu, ndipo ola lililonse amalipira ngati ola limodzi ndi theka. Akamuitana pa tsiku lake lopuma, malipiro a olalo amakhala owirikiza kawiri. Wogwira masiku 6 pa sabata, pa chaka ali ndi tchuthi cha masiku 18 akulandirabe malipiro ake. Usunge manambala amenewa, chifukwa ukadzakula udzakumana ndi mabwana ena okonda kuwaiwala.

N'chifukwa chiyani maola 8, osati 14? Tsiku lili ndi maola 24. Chotsapo 8 a ntchito ndi 8 a tulo, otsala ndi 8. M'maola otsalawo ndi mmene muli kuyenda ulendo wa ku esiteti ndi kubwerera, kutunga madzi, kuphika, kuchapa, kuzonda odwala, kupita ku maliro, kupemphera ndi kucheza nawe. Ntchito ikameza maola amenewa, ndalama imabwera koma pakhomo pamazizira. Thupinso limabwezera: munthu wotopa chikwanje chimamuphonya n'kutema mwendo, msana umayamba kuwawa, ndipo wogwira padzuwa osamwa madzi amamva mutu ndi chizungulire. Ndipo pali chinthu chimene chimandiwawa mtima. Amayi akaweruka ku tiyi amayamba ntchito yachiwiri ya pakhomo, imene palibe sikelo yoiyeza ngakhale munthu woilipira. Ukawaona akhala pansi madzulo, usawadzutse ndi zinthu zimene ungathe kuchita wekha.

Muyezo umenewu sunabwere wokha. Nthawi ya atsamunda, anthu okhala pa minda ya azungu kuno kummwera ankagwira thangata. Ankakakamizidwa kulima munda wa mwini esiteti ngati malipiro a malo amene ankakhalapo, kawirikawiri nthawi ya mvula, pamene minda yawo imafuna khasu. Nkhanza zotere ndi zina mwa zimene zinachititsa John Chilembwe wa ku Chiradzulu kuukira atsamunda mu 1915. Ndiye amene umamuona pa ndalama ya K500, ndipo timamukumbukira pa 15 Januwale. Pa 1 Meyi sukulu imatsekedwa chifukwa ndi tsiku la anthu apantchito.

M'munda mwako mulibe kapitawo kapena belu, ndiye mlimi amadziikira yekha ndime. Wanzeru amalowa m'munda kukungocha, amatuluka cha m'ma 10 kapena 11 koloko dzuwa likakula, n'kubwereranso likapendeka. Kumunda chofunika kwambiri ndi kugwira pa nthawi yake. Chimanga chimafuna kupalira koyamba pasanathe milungu itatu chimerereni. Ukachedwa, udzu umadya feteleza amene unagula ndi ndalama zako, chimanga n'kuchita chikasu, ndipo ngakhale udzapalire usana ndi usiku pambuyo pake sichibwereranso mwakale. Apa ndi pamene waulesi amagwera. Koma palinso msampha wina umene umakola anthu akhama. Mu Januwale ndi Febuluwale ufa ukatha, anthu amapita kukagwira ganyu m'minda ya ena kuti apeze chakudya cha tsikulo. Sindiwanyoza, njala ilibe manyazi. Vuto ndi lakuti masiku onse akathera m'minda ya eni, munda wako umalowa thengo, zokolola zimachepa, chaka chamawa njala imabwera msanga, ndipo ganyu uja amayambiranso. Amene amapulumuka ndi amene amayamba m'mawa m'munda mwawo, ngakhale mizere yochepa, kenako n'kupita ku ganyu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsopano za iwe. Lamulo lomwe lija limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka 14 mpaka 18 sayenera kupatsidwa ntchito yoopsa kapena yomujombetsa kusukulu. Munthu akadzakuuza kuti usiye kalasi ukathyole tiyi kapena ukasenze nanazi ndi nthochi kumsika kuti akupatse ndalama, ukane ndipo ukawauze amayi ako kapena aphunzitsi. Kuyambira 1994 sukulu ya pulayimale ya boma ilibe fizi, ndipo ntchito yako yaikulu ili kumeneko.

Ntchito za pakhomo ndiye uzigwira, zimaphunzitsa manja. Kusesa pabwalo usanapite kusukulu, kutsuka mbale, kutsegulira nkhuku, kusankha nandolo, kuthandiza kuponya mbewu m'mapando, zonsezi ndi za msinkhu wako. Ukaweruka, ola limodzi la ntchito zimenezi lakwana, kenako homuweki kusanade, kenako kukasewera ndi anzako. Ku mjigo usanyamule ndowa ya malita 20. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye ndowayo ndi makilogalamu 20, pafupifupi kulemera kwa iwe mwini, ndipo khosi ndi msana wako zikukulabe. Tenga kachigubu ka malita 5, uike nkhata pamutu, ndipo ngati madzi sanakwane upitenso kachiwiri. Chikwanje, nkhwangwa ndi mankhwala opopera mbewu usazikhudze. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, choncho ukagona 8 koloko usiku n'kudzuka 6 koloko m'mawa wapeza maola 10, ndipo m'kalasi sudzasinza.

Undiyankhe ndi dzanja lako, undiuze masamu akukuyendera bwanji. Upereke moni kwa amayi ako, amalume ako ndi ana onse a pakhomopo.

Ndine,
Agogo ako a ku Limbuli