Lipoti la msonkhano wa zipangizo za m'mafakitale zosachokera ku mafuta a pansi

Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse, ndabwerako ku msonkhano umene munandituma, ndipo ndalemba lipotili kuti ngakhale amene sadzapezeka pa tsiku lokambirana akhale atamva zimene ndatola. Munandituma ndi funso limodzi. Popeza ambiri mwa ife timapanga sopo, mafuta ophikira, chiponde ndi zakumwa, ndipo katundu yenseyu amafika kwa ogula ali m'majumbo kapena m'mabotolo a pulasitiki, munafuna kudziwa ngati zolongedzeramo zopangidwa kuchokera ku zomera zafika poti ifenso tingazigwiritse ntchito. Msonkhanowo unakhudzanso zitsulo, feteleza ndi mankhwala a m'mafakitale, koma ndikhalitsa pa zimene zikuyankha funso lanu.

Ndiyambe ndi chinthu chimene ineyo ndinapita ndisakuchimvetsa, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mwa ife timachisokoneza. Pulasitiki wochokera ku zomera sikuti nthawi zonse amakhala woola ayi. Izi ndi nkhani ziwiri zosiyana. Chitsanzo chimene chinatchulidwa kawirikawiri ndi cha kampani ya Braskem ya ku Brazil, imene mu 2010 inatsegula fakitale ku Triunfo yotha kupanga matani 200,000 pa chaka. Iwo amatenga ethanol wochokera ku nzimbe, n'kumuchotsa madzi kuti asanduke mpweya wa ethylene, ndipo mpweyawo ndi umene amaulumikiza n'kupanga polyethylene, pulasitiki yemweyo amene amapangira majumbo ndi zigubu. Kampani ya Lego inayamba kupangira pulasitiki ameneyu zidole zake zooneka ngati mitengo ndi masamba mu 2018. Ubwino wake ndi wakuti sanachokere ku mafuta okumbidwa pansi, makina amene alipo kale amamuumba popanda kusintha kanthu, komanso amatha kusungunulidwa n'kupangiranso zinthu zina. Koma jumbo yotereyi ikatayidwa mu mtsinje wa Mudi kapena m'ngalande za mu Lilongwe, idzakhala momwemo zaka zambirimbiri ndipo idzatseka njira ya madzi chimodzimodzi ndi jumbo ina iliyonse. Wogulitsa amene angatiuze kuti katundu wake ndi wa nzimbe ndiye kuti watiuza kumene wachokera basi, sanatiuze kumene adzathere.

Umene umaola ndi mtundu wina, wotchedwa PLA, ndipo kapangidwe kake sikachilendo kwenikweni kwa ife. Shuga amamusasitsa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso mpaka atasanduka lactic acid, asidi yemwe uja amawawasitsa chambiko, kenako asidiyo amamulumikiza n'kukhala pulasitiki. Kampani ya NatureWorks yakhala ikupanga PLA kuchokera ku chimanga ku Blair, m'dera la Nebraska ku America, kuyambira mu 2002, ndipo ku Rayong m'dziko la Thailand kuli fakitale ina imene inatsegulidwa mu 2018, yotha kupanga matani 75,000 pa chaka kuchokera ku shuga wa nzimbe. Apa ndinafunsa mafunso ambiri chifukwa ndinkaganiza kuti tapeza chimene tinkafuna, koma mayankho ake anandibweza m'mbuyo. PLA amaola msanga pokhapokha akaikidwa pamalo opangira manyowa amene amasamalidwa kuti azikhala achinyezi ndi otentha pafupifupi madigiri 58 kwa milungu ingapo. M'dzala la kuseri kwa nyumba kapena m'madzi amakhalitsa. Chachiwiri, PLA wamba amayamba kufewa kutentha kukayandikira madigiri 60, zimene zikutanthauza kuti mnzathu amene amathira chiponde m'mabotolo chikadali chotentha, kapena amene katundu wake amatandala padzuwa pamwamba pa lole yopita ku Nsanje mwezi wa Okutobala, akhoza kuluza katundu yense.

Anationetsanso mabotolo a PEF, pulasitiki winanso wochokera ku zomera, amene kampani ya Avantium ikufuna kuti alowe m'malo mwa mabotolo a zakumwa amene tinazolowera, chifukwa amasunga bwino mpweya wa m'zakumwa. Fakitale yawo ya ku Delfzijl m'dziko la Netherlands inatsegulidwa mu 2024 ndipo inamangidwa kuti izipanga matani 5,000 okha pa chaka a mankhwala opangira pulasitikiyu, choncho si katundu amene tingamuyembekezere kuno posachedwa.

Gawo limene linandikhudza mtima kwambiri linali la kumene zipangizo zonsezi zimachokera. Ku Nebraska chimanga n'chochuluka moti kuchisandutsa makapu sikudetsa nkhawa munthu aliyense, koma ine sindikanatha kumva zimenezi popanda kukumbukira mtengo wa thumba la chimanga mwezi wa Febuluwale kwathu kuno. Ndinanena poyera m'kagulu kathu kokambirana kuti dziko limene chakudya chimaperewera zaka zina siliyenera kupanga pulasitiki kuchokera ku chimanga kapena chinangwa, ndipo maganizo amenewa ndikuwabwerezanso kwa inu. Njira imene ingatiyenere ndi ya zotsalira, ndipo imeneyi si yatsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 kampani ya Quaker Oats ku America inayamba kupanga mankhwala otchedwa furfural kuchokera ku mankhusu a mbewu ya oats amene inkasowa kowataya. Lero furfural wambiri amapangidwa ku China kuchokera ku zitsononkho za chimanga, ndipo fakitale ya shuga ya Illovo ku Sezela, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, imamupanga kuchokera ku makoko a nzimbe otsala akafinya madzi, amene ogwira ntchito m'mafakitale a shuga amawatchula kuti bagasse. Kuchokera ku furfural amapanga furfuryl alcohol, amene osula zitsulo amamatira mchenga wa zikombole zothiramo chitsulo chosungunuka. Makoko omwewo akawaphika ndi kuwasinja amasanduka phala limene amaliumba m'zikombole zotentha n'kukhala mbale, timabokosi ta chakudya ndi zoikamo mazira, ndipo zimenezi zimaola m'nthaka ngati pepala, malinga ngati sanazikute ndi pulasitiki mkati.

Pamenepa pali chiyembekezo, koma tisathamange. Dziko lathu lakhala likupanga ethanol kuchokera ku molasisi, madzi okhuthala otsala popanga shuga, ku Dwangwa kuyambira mu 1982 ndi ku Chikwawa kuyambira mu 2004, ndiye kuti gawo loyamba la njira ya Braskem timalidziwa kale. Komabe ethanol ameneyu ali ndi ntchito yake, popeza amasakanizidwa ndi petulo kuti tichepetse ndalama zakunja zogulira mafuta, ndipo makoko a nzimbe amawotchedwa m'mafakitale a shuga momwemo kuti apereke nthunzi ndi magetsi. Zimene ife tikuziona ngati zotayidwa eni ake amaziwerengera. Zotsalira zimene zilidi pafupi ndi ife ndi zimene zimatuluka m'ntchito zathu zomwe: makoko a mtedza, mankhusu a mpunga ndi zitsononkho, ngakhale kuti nazonso zimalimbiranidwa ndi ophikira ndi oweta ziweto, ndipo vuto lake lalikulu ndi kuzisonkhanitsa zouma ndi zokwanira chaka chonse.

Tsiku lomaliza linali la zitsulo ndi feteleza. Ku Sweden makampani atatu, SSAB, LKAB ndi Vattenfall, anagwirizana mu 2016 pa ntchito yotchedwa HYBRIT yoyenga miyala ya chitsulo ndi mpweya wa hydrogen m'malo mwa malasha, kotero kuti chotuluka m'ng'anjo ndi nthunzi ya madzi. Ng'anjo yoyesera inatsegulidwa ku Luleå mu 2020, ndipo mu 2021 chitsulo choyamba chinaperekedwa ku kampani ya Volvo. Hydrogen yemweyo ndi amene amafunika popanga ammonia, chiyambi cha feteleza wa urea ndi CAN. Kuyambira pamene njira ya Haber ndi Bosch inayamba kugwira ntchito ku Oppau m'dziko la Germany mu 1913, hydrogen wambiri wakhala akuchokera ku malasha ndi gasi wa pansi, n'chifukwa chake gasi atakwera mtengo mu 2021 ndi 2022 alimi a kuno anazimvera pa thumba la feteleza. Kampani ya Yara inatsegula mu 2024 makina a mphamvu ya mamegawati 24 ku Herøya m'dziko la Norway, olekanitsa madzi ndi magetsi kuti apeze hydrogen. Ndinawakumbutsa anzathu a pa msonkhanowo kuti anansi athu a ku Zimbabwe anachitapo zimenezi kalekale: fakitale ya Sable Chemicals pafupi ndi Kwekwe inkapanga ammonia mwa njira yomweyi ndi magetsi a ku Kariba kuyambira mu 1972, ndipo makinawo anazimitsidwa mu 2015 chifukwa ankafuna magetsi ochuluka zedi pamene dzikolo linkaperewera magetsi. Ife amene tinaona namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa miyezi yoposa khumi ndi iwiri, tikudziwa kuti nkhani ya feteleza wotereyu iyenera kudikira magetsi okwanira ndi odalirika.

Pobwerera ku funso lanu, ine ndikulangiza kuti gulu lisaike ndalama zake pa majumbo kapena mabotolo alionse olembedwa kuti ndi oola tisanaone umboni wa malo ndi kutentha kumene amaolera. Lamulo la mu 2015 loletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikironi 60, limene Khoti Lalikulu la Apilo linaligwirizana nalo mu 2019, likutikhudza tonse, choncho ndikupempha kuti mlembi alembere kalata bungwe loteteza chilengedwe la MEPA kufunsa mmene lamuloli limaonera majumbo ochokera ku zomera tisanaitanitse katundu aliyense. Chimene ndikuona kuti tingachiyambe tokha ndi zolongedzeramo zoumbidwa kuchokera ku phala la mapepala akale ndi zotsalira za mbewu, makamaka kwa opanga sopo ndi ogulitsa mazira, chifukwa katundu wouma safuna pulasitiki kwenikweni. Mafuta ndi zakumwa zipitirire m'mabotolo amene tili nawo, koma tikambirane zowatolera kwa ogula athu.

Ndabwera ndi mbale khumi za makoko a nzimbe ndi makapu khumi a PLA. Ndikupempha mamembala atatu adzipereke kuti tiyese zinthuzi tokha: zina tithiremo chiponde chotentha, zina tiziyanike padzuwa tsiku lathunthu, zina tizikwirire m'dzala n'kuzifukula pakatha miyezi itatu, ndipo zimene tidzapeze tidzazilembe m'buku la gulu. Malisiti onse a ulendowu ndi ndalama zimene zinatsala ndazipereka kale kwa msungichuma.