Tisamadikire bwana pa chilichonse kuntchito

Akonzi,

Zikomo pondipatsa mpata mu nyuzipepala yanuyi. Ine nkhani yanga ndi ya mmene timagwirira ntchito kuno kwathu, m'boma ngakhale m'makampani momwe, makamaka ife ang'onoang'onofe amene sitikhala pa mpando wozungulira uja. Pali mayankho ena amene afala kwambiri mmaofesimu moti munthu sudabwanso ukawamva, "bwana sanabwere", "imeneyo si ya ine", "ife timangouzidwa zochita", "mubwere mawa". Mayankho amenewa akutipweteka kwambiri ngati dziko ndipo ambiri amene timawayankhula si anthu oipa ayi, tinangozolowera kuti kuganiza ndi ntchito ya bwana, ife yathu ndi kufika 7:30, kusayina buku, kudikira 4:30 ikwane basi.

Taonani zomwe zimachitika pa kauntala. Munthu wachokera kutali, walipira minibasi ziwiri, wabweretsa fomu yakale imene inasintha kalekale ndipo kalaliki wayiona ndi maso ake, akudziwa bwinobwino kuti fomu imeneyi mkatimo akaibweza, koma amangoilandira nkuyiika pa mulu osanena kanthu chifukwa eti wokana mafomu ndi sapavaiza osati iye. Pakatha masabata munthu uja abweranso, walipiranso thiransipoti, nkumuuza kuti fomu yanu inali yolakwika muyambirenso. Chomwe chimafunika apa nchiyani? Kungotsegula pakamwa nkuti bambo, iyi ndi yakale, tengani iyi mulembe pompano ndikuthandizeni. Sizifuna bajeti, sizifuna mitingi, sizifuna siginecha ya wina aliyense. Kalaliki wotero ine ndimati ndi mtsogoleri ngakhale giredi yake ili ya pansi penipeni.

Ndipo anthu otero alipo, ndawaonapo. Pa chipatala china cha boma ndinaona mayi wina wokolopa, mopu ili mmanja, anaima nkuyang'ana pa mzere wa amayi oyembekezera, anaona mtsikana wina watsamira khoma thukuta lili kamukamu milomo yauma, maso akuchita ngati akufuna kutembenuka. Mayi uja anatsamiritsa mopu pakhoma, kumugwira mkono mtsikanayo, kudutsa naye mzere wonse anthu akung'ung'udza, kugogoda kwa nesi nkuti "asisita tamuonani kaye uyu, sali bwino". Kenako anabwerera kukatenga mopu yake nkupitiriza kukolopa ngati palibe chachitika. Pa kalata yake yolembedwera ntchito sipanalembedwe zoyang'ana odwala, koma anaona chinthu ndipo anaona kuti nchake.

Ena anena kuti aaa zimenezo ndi mtima wa munthu chabe, wina amabadwa nawo wina ayi. Ine ndikukana, malo a ntchito amatha kuwupha mtima umenewu komanso amatha kuwudzutsa. Pali nkhani ya fakitale ina ya magalimoto ku Fremont, m'chigawo cha California ku America imene imandipatsa maganizo kwambiri. Inali ya General Motors ndipo inkadziwika kuti antchito ake ndi ovuta kuposa kwina konse, kujomba kunali kwa tsiku ndi tsiku moti nthawi zina munthu mmodzi mwa asanu alionse samabwera, ena kumwa mowa ali pa shifiti, magalimoto kutuluka ndi zolakwika zambirimbiri, mpaka kampani inatopa nkutseka fakitaleyo mu 1982. Mu 1984 inatsegulidwanso, ulendo uno General Motors mogwirizana ndi Toyota, omwewa a Hiace ndi Probox zomwe zadzaza mmisewu yathuyi, nkuitcha NUMMI. Chodabwitsa nchakuti analembanso ntchito ambiri mwa anthu omwe aja, ojomba aja, ndipo ena anawatumiza ku Japan ku fakitale ya Takaoka kukaona mmene anzawo amagwirira.

Chomwe anakapeza kumeneko ndi chingwe. Pamwamba pa mzere womwe magalimoto amadutsa akumamangidwa pamakhala chingwe chomwe amachitcha andon, ndipo wantchito aliyense, kaya ndi womanga mabawuti kaya walowa ntchito mwezi watha, akaona kuti china chake sichili bwino amakoka chingwecho, nyale imayaka, mtsogoleri wa gulu amathamangira pomwepo kudzathandiza ndipo vuto likapanda kutha msanga mzere umaima. Ku General Motors kale lamulo linali loti mzere usaime zivute zitani, ukaona cholakwika chisiye chipite akakonza kutsogolo, nde anthu anaphunzira kusasamala. Atapatsidwa chingwe anthu omwe aja anasintha, kujomba kunatsika kwambiri ndipo pasanathe nthawi yaitali magalimoto a ku NUMMI anali mgulu la abwino kwambiri mu General Motors yonse, kuyandikira a ku Japan komweko. Fakitaleyo inagwira ntchito mpaka 2010, pano ndi ya Tesla.

Nde apa ndikufuna ndilankhule ndi mabwana, chifukwa kungokalipira ang'onoang'ono kuti mulibe chidwi pa ntchito sichilungamo. Kodi kuofesi kwanuko chingwe chilipo? Nanga wina akakoka mumathamangira kudzathandiza kapena mumathamangira kudzafunsa kuti wakutuma ndani? Kwathu kuno junia akangoti bwana apa mwina tikanachita mwakuti, basi wapalamula, ayamba kumutcha wodziwadziwa, akuti akufuna mpando wanga, mawa lake dzina lake lachotsedwa pa ulendo wa kufilidi, pulomoshoni imudutsa, mwinanso thiransifa ya kumalo kovuta. Anzake onse amaona zimenezi ndipo amaphunzirapo kuti kukhala chete ndiye nzeru. Timabisala mmawu oti wamkulu sauzidwa, koma makolo omwewo anatinso mutu umodzi susenza denga, nanga bwanji timangotola mwambi wotikomera ifeyo? Ulemu ndi wabwino ndipo ine sindikuti junia azikalipira bwana pagulu ayi, koma ulemu womwe umapangitsa draiva kukhala chete akudziwa kuti mabuleki a galimoto ya kuntchito atha, umenewo utiphetsa.

Tikumbukire za Cashgate mu 2013. Nkhani inaphulika mu September chaka chimenecho, Paul Mphwiyo yemwe anali mkulu woona za bajeti atawomberedwa, anthu ena a magiredi apansi nkumapezeka ndi ndalama zankhaninkhani mmagalimoto ndi mmanyumba, ndipo akatswiri owerengera ndalama a kampani ya Baker Tilly atafufuza anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa mmiyezi isanu ndi umodzi yokha, makampani kulipidwa osagwira ntchito ina iliyonse. Mayiko otithandiza anaimitsa ndalama zothandizira bajeti ndipo amene anamva kuwawa ndi wodwala wakumudzi wosowa mankhwala. Ine chomwe chimandiwawa pa nkhani imene ija nchakuti malipiro a boma sadutsa mdzanja limodzi, pali wolemba vocha, wolowetsa mu kompyuta, wosayina, wosindikiza cheke, wosunga fayilo. Si onse amene anaba ayi, koma ndithu panali maso ambiri amene anaona zachilendo nkuti izi nza akuluakulu, ine ndisunge ntchito yanga ana asagone ndi njala. Mantha amenewo ndikuwamvetsa, munthu atawomberedwa ndani sangaope? Koma nchifukwa chake ndikuti kulankhula kumayenera kuzolowereka pa tinthu tating'ono, pa fomu, pa mabuleki, pa stoko yomwe sikugwirizana ndi buku, kuti pofika pa zazikulu anthu akhale atadziwa kale kuti ukalankhula umamvedwa ndipo sukhala wekha.

Ndikudziwa ena akuwerenga uku akuti iwe, malipiro ake atiwo oti ndizidzipha nawo? Zoona, zinthu zadula, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo malipiro a ambiri sanathamange liwiro limenelo, munthu umafika pa 15 uli kale mu ngongole ya katapila. Zimenezo tizimenyera ndithu, kudzera mmabungwe a antchito ndi njira zina zoyenera. Koma mayi wobwera ndi mwana wodwala uja si amene anakudula malipiro, ndi mnzako wovutika ngati iwe, mwinanso kuposa iwe. Taonani alangizi a zaumoyo mmidzimu, ma HSA, malipiro awo si a nkhani koma nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 ambiri a iwo ndi amene ankayenda khomo ndi khomo ndi klorini, kuuza anthu za zimbudzi ndi kusamba mmanja, kuthamangitsa odwala kuchipatala, ena pa njinga yakapalasa mmatope, popanda bwana wowayang'anira pa msana.

China chomwe chimandidandaulitsa ndi mawekishopu. Kukakhala maphunziro a utsogoleri opita ndi omwewo omwewo, madairekitala ndi mamanejala, ku Mangochi kapena ku Salima, kubwerako ndi alawansi ndi satifiketi ya pakhoma, koma mesenjala, gadi wa pageti, wolandira alendo, anthu amene mlendo amayamba kukumana nawo akangolowa, palibe amene anawafunsapo kuti inu mukuona kuti tikonze chani pano. Chonsecho gadi ndi amene akudziwa kuti anthu amayamba kufola 5 koloko mmawa ndipo ambiri amabwerera chifukwa chosowa pepala limodzi lomwe akanangolemba pa chikwangwani pageti. Draiva akudziwa galaja imene ikuba mafuta ndi masipeya. Wokolopa akudziwa mpopi umene wakhala ukudontha usiku wonse bilu ya madzi nkumakwera.

Pempho langa kwa mabwana nlakuti pa mitingi ya Lolemba lililonse muziyamba mwafunsa ang'onoang'ono, iwo ayambe kulankhula inu mumalize, ndipo wina akanena vuto mumuthokoze pamaso pa anzake ngakhale vutolo likukhudza inu amene, kenako mulikonze anthu aone kuti kulankhula kumapindula. Kwa anzanga ang'onoang'ono, zomwe zili mmanja mwathu tizingochita osadikira kuuzidwa, zomwe zatiposa msinkhu tizikanena mwaulemu koma momveka, ngati nkotheka polemba, ndipo akapanda kuyankha tizibwereranso kukafunsa kuti bwana nkhani ija ili pati.

Ndine wanu,
Wowerenga wa ku Ndirande, Blantyre