Chilengezo: Loweruka tikaone mitengo ku myuziyamu

Abale ndi alongo a m'gulu lathu,

Loweruka likudzali tikumane pakhomo la myuziyamu 9 koloko m'mawa, tikaonere limodzi chionetsero cha mitengo m'mbiri ya zojambulajambula. Aliyense atenge pensulo ndi kabuku, chifukwa tikatha kuzungulira tidzakhala pansi n'kujambula mtengo umodzi.

Musanabwere, chonde fufuzani pa intaneti mitengo itatu imene anajambula Piet Mondrian, katswiri wojambula zithunzi wa ku Netherlands. Woyamba anaujambula pakati pa 1908 ndi 1910, thunthu lofiira pakati pa mtundu wa buluu, mtengo wooneka bwino lomwe. Wa 1911 ndi wotuwa, nthambi zasanduka mizere yakuda yokhotakhota. Pofika 1912, mtengo wa maapozi wochita maluwa simungauzindikire n'komwe. Ine zimandikhudza mtima kuona munthu akuyang'anitsitsa mtengo mpaka kutsala mafupa ake okha. Njira imeneyi ndi imene inamufikitsa pa zithunzi zake zotchuka za timabokosi tofiira, tachikasu ndi tabuluu.

Onaninso mizu imene Vincent van Gogh, wojambula winanso wa ku Netherlands, anajambula m'mudzi wa Auvers-sur-Oise ku France mu Julaye 1890, m'masiku ake otsiriza. Thambo mulibe, nsonga mulibe, mizu yokhayokha yopiringizana pachitunda.

Kwa zaka mazanamazana m'zithunzi za ku Ulaya mtengo unkangoima kumbuyo kwa oyera mtima ndi mafumu. Pomwe ku Japan, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, Hasegawa Tōhaku anali atajambula kale mitengo ya paini payokha, ndi inki yakuda basi, ina ikuzimirira m'nkhungu. Chithunzi ichi ndiye musachiphonye.

Amene mubwere, lembani dzina lanu pagulu pano pofika Lachinayi madzulo kuti tidziwe kuti tilipo angati.