Chindapusa cha overdraft si madzi otayika

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata kuti ndilankhule ndi anzanga amene akaunti yawo ya kubanki imatha mwezi ili pansi pa ziro. Ndinakhala m'gulu limenelo kwa zaka ziwiri, ndipo zimene ndalemba panozi ndinazidziwa mochedwa.

Overdraft ndi ngongole imene munthu amalowamo banki ikamulola kutapa ndalama zoposa zimene zili mu akaunti yake. Ina mumachita kugwirizana ndi banki pasadakhale, n'kuikirana malire. Ina imangochitika: ndalama zatha kapena malire adumphidwa, koma banki yalipirabe bilu imene inabwera, kenako n'kudula chindapusa. Yachiwiriyi ndi imene inandigwetsa. Mwezi wina malipiro anga anachedwa ndi masiku atatu okha. M'masiku amenewo mabilu amene amadulidwa okha anatuluka monga mwa nthawi zonse, ndipo bilu iliyonse inabwera ndi chindapusa chake. Mwezi wotsatira malipiro anafika pa tsiku lake, koma anapeza dzenje, ndipo dzenjelo linabala chindapusa china, ndi chiwongoladzanja pamwamba pake. Ndinkangoti madzi akatayika saoleka. Ndinalinso ndi manyazi, poganiza kuti munthu wolephera kusunga ndalama alibe pakamwa podandaulira.

Maso anga anatseguka tsiku limene ndinapempha masitetimenti a zaka ziwirizo n'kukhala pansi ndi cholembera. Ndinadula mzere pansi pa ndalama iliyonse imene banki inadzidulira yokha, n'kuwonkhetsa mwezi ndi mwezi. Ndinapeza kuti miyezi yambiri akaunti ikanatha ili pamwamba pa ziro pakanapanda chindapusa cha mwezi wapitawo. Ngongole imene ndinkavutika kubweza sinali ya zinthu zimene ndinagula. Mbali yaikulu inali chindapusa chobereka chindapusa chinzake, ndipo banki inkandilipiritsa chiwongoladzanja pa ndalama zimene sindinazigwirepo m'manja.

Izi si za ine ndekha. Ku Britain, bungwe loyang'anira mabanki la Financial Conduct Authority linapeza kuti mu 2017 mabanki anapeza mapaundi oposa 2.4 biliyoni kuchokera ku overdraft, komanso kuti mu 2016 ndalama zoposa theka za chindapusa cha overdraft yosagwirizana zinachokera kwa makasitomala 1.5 okha pa 100 alionse. Kagulu kochepa chonchi ndiko kamasenza katundu yense, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu amene ali kale pa mavuto.

Komabe amene akufuna kuitanitsa ndalama zake adziwe mfundo yoyenera kutsamirapo, chifukwa ina inagwa kale kukhoti. Mu 2007 bungwe la boma loteteza ogula la Office of Fair Trading linatengera kukhoti mabanki akuluakulu a ku Britain pa nkhani yomweyi, ndipo madandaulo a anthu ambirimbiri anaimitsidwa podikira chigamulo. Bungwelo linapambana m'makhoti awiri oyambirira, koma pa 25 November 2009 khoti la Supreme linagamula mokomera mabanki. Linati chindapusacho ndi mbali ya mtengo umene kasitomala amalipira pokhala ndi akaunti, choncho lamulo loteteza ogula silinkalola kuti kukula kwake kuyesedwe ngati n'koyenera kapena ayi. Anthu ambiri atamva izi anataya mtima, n'kumati nkhani yatha. Chimene chinatha ndi kungonena kuti chindapusa chakula kwambiri. Funso lakuti banki inachita bwanji ndi munthu amene inkamuona akumira silinatsekedwe, ndipo madandaulo a mtundu umenewu akumvedwabe mpaka lero. Kuyambira mu April 2020, mabanki a m'dzikolo saloledwanso kudula chindapusa chokhazikika cha tsiku kapena cha mwezi pa overdraft, ngakhale kulipiritsa overdraft yosagwirizana mtengo woposa wa yogwirizana. Mabanki ambiri anayankha poika chiwongoladzanja chapafupifupi 40 peresenti pachaka, choncho tisafulumire kuwomba m'manja. Koma mabankiwo akuyeneranso kuzindikira makasitomala amene akukhalira overdraft mwezi ndi mwezi ndi kuwathandiza kutulukamo. Banki imene inaona malipiro a munthu akulowa n'kumezedwa onse kwa chaka chathunthu, iyo n'kungokhala chete, ili ndi funso loti iyankhe.

Ku America kunavumbuluka chinthu china chimene aliyense ayenera kuchifufuza pa sitetimenti yake: ndondomeko imene banki imadulira ndalama za tsiku limodzi. Tiyerekeze kuti munagula tinthu ting'onoting'ono kanayi m'mawa, madzulo n'kulipira bilu yaikulu imene inadumphitsa malire. Mwachilungamo chindapusa chikanakhala chimodzi. Koma banki ikayamba kudula yaikuluyo, akaunti imauma nthawi yomweyo, ndipo kalikonse mwa tinthu tinayi tija kamabwera ndi chindapusa chake. Mu 2010 woweruza William Alsup wa ku California analamula banki ya Wells Fargo kubwezera makasitomala madola 203 miliyoni chifukwa cha mchitidwe umenewu, ndipo mu 2011 Bank of America inavomera kulipira madola 410 miliyoni pa mlandu wofanana nawo. Mu 2022 Regions Bank inalamulidwa kubweza madola 141 miliyoni kwa anthu amene anadulidwa chindapusa ngakhale kuti pa nthawi imene ankagula, ndalama mu akaunti zinalimo zokwanira. Zambiri mwa ndalamazi zikanakhalabe m'thumba la banki pakanapanda anthu amene anawerenga masitetimenti awo mzere ndi mzere.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine chitseko ndinatsekula ndi kalata, ndipo ndikulimbikitsa kalata kapena imelo osati foni, chifukwa mawu a pafoni amauluka pamene pepala limakhala ndi deti. Sindinatukwane ndipo sindinapemphe chifundo. Ndinalemba deti la chindapusa chilichonse ndi kuchuluka kwake, ndinasonyeza miyezi imene chindapusa chawo chenicho ndicho chinandidumphitsa malire, ndinafotokoza mabilu ofunika amene ndinalephera kulipira chifukwa cha zimenezi, ndi kutchula masiku amene ndinawauza kuti ndili pa mavuto koma palibe chimene anachita. Kumapeto ndinanena chimene ndikufuna: andibwezere chindapusa pamodzi ndi chiwongoladzanja chimene chinamera pa chindapusacho. Mbali yachiwiriyi anthu ambiri amaiwala, chonsecho pa miyezi yambiri imakhala ndalama yooneka. Amene mbiri yake ya ngongole inadetsedwa chifukwa cha nkhaniyi apemphenso kuti ikonzedwe.

Yankho loyamba linali lokana, ndipo linkaoneka kuti ndi lomwe amatumizira aliyense: munasaina nokha mgwirizano, mitengo yathu ndi yolembedwa poyera. Apa ndi pamene ambiri amabwerera, ndipo ndikukhulupirira kuti kalata yotereyi imalembedwera zomwezo. Ndinalembanso, n'kuwapempha kuti ayankhe mfundo zanga imodziimodzi ndi kundipatsa yankho lawo lomaliza polemba, kuti ndikapitirize dandaulo kunja kwa banki. Patapita masabata angapo anandibwezera ndalama zoposa theka la zimene ndinaitanitsa. Anati achita izi pongosonyeza mtima wabwino, osati povomera kulakwa. Mawuwo anandiwawa, koma ndalamazo zinatseka dzenje, ndipo kuyambira pamenepo malipiro anga anayamba kufika athunthu.

Sindikunena kuti aliyense adzabwezeredwa. Munthu amene anadumpha malire kamodzi ali ndi ndalama zina pambali mfundo yake ndi yofooka, ngakhale kuti kufunsa kulibe mtengo. Ndipo banki ikhoza kuchotsa overdraft kapena kuchepetsa malire munthu akanena kuti sakukwanitsa, choncho ndi nzeru kukonzekera, mwina potsegula akaunti ina kwina musanatumize kalata. Chenjeraninso ndi makampani amene amalonjeza kukuitanitsirani ndalamazi n'kudulapo gawo lawo. Kalata imene iwo angalembe inunso mungathe kuilemba madzulo amodzi.

Musachedwenso, chifukwa madandaulo ali ndi nthawi yake. Ku Britain banki imapatsidwa masabata 8 kuti iyankhe, ndipo munthu akalandira yankho lomaliza amakhala ndi miyezi 6 yoti apititse nkhani ku ofesi yomva madandaulo okhudza mabanki ya Financial Ombudsman Service, kumene salipira kanthu. Kawirikawiri ofesiyi imamva nkhani zosapitirira zaka 6, kapena zaka 3 kuchokera pamene munthu anazindikira kuti pali cholakwika. Mayiko ena ali ndi malamulo awo ndi maofesi awo, ndipo apa ndi pamene ndikupempha thandizo lanu, a Mkonzi. Mumasindikiza phindu limene mabanki apeza pachaka pa tsamba loyamba. Tsiku lina tumani mtolankhani wanu akawafunse kuti pa phindulo ndi zingati zachokera ku chindapusa cha overdraft, ndipo pansi pa nkhaniyo mulembepo kumene owerenga anu angakatule dandaulo banki ikawakanira.

Ine wowerenga wanu,
Kasitomala wa banki