Amidu, pathabwa paja malo analipo

Mangochi, Lachinayi usiku

Amidu mnzanga,

Katundu wafika bwino. Mkulu wa thiraki uja anatsitsa Lolemba madzulo, ndipo chikwama cha amayi ako ndinakapereka ndekha ku Mpondasi. Mafuta ophikira, bulangeti, nsapato za Shakira, zonse zilipo. Koma nsapatozo zamuthina. Mwana uja wakula, iwe ukumuonabe mmene unamusiyira. Kalata yako ndi kafulashi ndinazipeza m'thumba lam'kati monga unanenera, zikomo kwambiri. Mkuluyo akubwerera mawa m'mamawa, ndiye ndikulemba mothamanga pamapepala othothola m'kope la mwana wa achemwali. Magetsi athima, tochi ya foni ndaiimika m'kapu.

Tsono iwe, zaka zinayi zokha ku Joni wafika ponena kuti Titanic ndi filimu ya azimayi? Iweyo? Si iwe unalira kwa Che Bakali, koonetsa mafilimu kuja, mpaka kunamizira utsi wa jenereta? Jenereta inali kuseri kwa mpanda, mphepo inkapita kumtsinje, ndipo ine ndinali pambali pako pabenchi yachiwiri. Jafali anakuseka sabata yathunthu. Ndibweranso pankhani imeneyi, usaganize kuti wapulumuka.

Za pafulashi ndaonerako zingapo. Black Panther yako ija, imene wailembera tsamba lonse ngati ukufunsira mbeta, ndi yabwino ndithu, sindikukana. Zovala zokongola, azimayi ometa mpala aja amamenya bwino kuposa amuna onse a m'filimumo. Ndamva kuti chilankhulo cha ku Wakanda ndi Chixhosa cha komwe uliko, ndiye mwina n'chifukwa chake yakugwira mtima, umamvako mawu awiri atatu n'kumadziona ngati mbadwa. Ine chimene chinandikhudza n'choti Chadwick Boseman ankasewera zonse zija ali ndi khansa m'matumbo, osauza anthu, mpaka kumwalira mu 2020 ali ndi zaka 43. Ukadziwa zimenezo umayamba kumuyang'ana nkhope m'malo moyang'ana ndewu. Koma ndewu yomaliza ija, ya pa njanji pansi pa nthaka, ndi zidole za pakompyuta basi. Palibe amene akutuluka thukuta. Ife tinakula ndi Bruce Lee, munthu wa mafupa ndi mnofu, woti anamwalira mu 1973 ife tisanabadwe koma ana a ku M'baluku mpaka lero amathyolana zala pomutsanzira. Jackie Chan akagwa kuchokera padenga amagwadi, ndipo kumapeto amakuonetsa mmene anavulalira. Izi zouluka ndi magetsi izi ndi za adzukulu.

Ya magalimoto othamanga ija ndinaisiyira pakati. Galimoto kudumpha kuchokera nyumba yosanja kupita pa inzake, matayala osaphulika ngakhale limodzi. Abwere nazo pamsewu wokwera ku Namwera tione.

Ya mizukwa sindinaitsegule, ndipo usadzatumizenso. Azungu mantha awo ndi achibwana. Nyumba ikuchita phokoso usiku, chitseko chikutseguka chokha, munthu m'malo mothawa akutenga tochi kukasuzumira kuchipinda chapansi. Kuno kadzidzi akangolira padenga kawiri, m'mawa akatundu ali pangolo. Zoopsa zenizeni anazidziwa ndi a ku Nigeria. Patience Ozokwor akangotuluka atamanga duku n'kuyang'ana mpongozi wake cham'mbali, holo yonse inkati zii, chifukwa aliyense anali ndi azakhali ake otero kumudzi. Abiti Saidi mpaka lero amakhulupirira kuti mayi uja ndi mfiti yeniyeni, anangomujambula ali pantchito yake. Koma a ku Nigeria nawonso, filimu imodzi kuidula zigawo zinayi, munthu akuyenda kuchokera pageti kufika pakhonde nyimbo yonse mpaka kutha. Tinkalipira kanayi nkhani imodzi. Aki ndi Pawpaw okha ndi amene ndimawakhululukira, aja ngakhale atangoima osalankhula ndimaseka.

Zachimwenye sindinena zambiri, udziwa kale kuti kunyumba kuno zili ndi mwini wake. Esnati waonera Kuch Kuch Hota Hai mwina kakhumi. Filimu ya 1998, koma Shah Rukh Khan akangotambasula manja, nsima imapserera. Ine chimandivuta n'choti munthu ali pachisoni, misozi ili mbwembwembwe, mwadzidzidzi ali paphiri ndi anthu makumi asanu ovala zofanana, onse akudziwa sitepe. Anaphunzira liti? Amene anawaitana ndani?

Tsopano Titanic.

Ndinaioneranso Lachiwiri, maola atatu ndi kanthu, mpaka batire kutha kawiri. Ndipo ndikunenetsa pano, polemba, kuti usadzakane: pathabwa paja malo analipo. Mtsikana uja anagona chotambalala ngati ali pamkeka wa kwawo, mnyamata ali m'madzi akugwedezeka chibwano. Ndikudziwa zimene uyankhe, zomwe unkanena kale zija, zoti nkhani si malo koma kulemera, thabwa likanamira ndi anthu awiri. Chabwino. Nanga kusinthana? Wina akwere pang'ono, wina atsike? Nanga jekete yoyandamitsa imene mtsikanayo anavala, bwanji osaimangirira pansi pa thabwa? Msodzi aliyense wa pa Makawa akanaganiza zimenezo asanamalize n'komwe kutukwana. Anayesa kukwera kamodzi kokha, kamodzi, thabwa litapendekeka basi n'kugonja. Munthu wotchova juga mpaka kupata tikiti ya sitima, wothawa apolisi a m'sitimamo, womasuka pa unyolo madzi ali m'khosi, akagonje ndi thabwa?

Usaseke, nkhaniyi yavuta anthu ambiri, si ine ndekha. Mwini filimu, James Cameron, anthu anamutopetsa nayo mpaka anatenga anthu awiri n'kuwaika m'dziwe la madzi ozizira ndi thabwa longa lomwe lija kuti aone. Munthu amene filimu yake imodzi inapata ma Oscar 11, zaka 25 zitadutsa, akuyezabe thabwa. Ndiye ine ndi ndani kuti ndigone tulo?

Dzulo ndinazula chitseko cha kubafa.

Ee, wamva bwino. Ine ndi Yusufu tinachikweza pakabaza mpaka pa siteji, kenako pa matola mpaka kunyanja, chifukwa mu Shire muno ng'ona sizidziwa kuti anthu ali pa kafukufuku. Kondakitala anatilipiritsa chitsekocho ngati munthu. Titafika, ana onse a padoko anatizungulira. Yusufu anati iye akhala Rose chifukwa ndi woonda, ine ndikhale Jack. Atakwera yekha, chinayandama bwinobwino. Nditakwera ine, chinatembenuka, Yusufu anamwa madzi. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu tinakwera mbali zosiyana nthawi imodzi, pang'onopang'ono, chamimba, ndipo chinatinyamula, ngakhale madzi ankatifika m'nthiti. Tinakhalapo mpaka ana kuwerenga kufika handiredi. Mkulu wina wosoka ukonde anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa Yusufu ngati ndife a bungwe. Yusufu akuti umboniwu sukukwana, chifukwa madzi athu ndi ofunda pamene aja a mu April 1912 anali ozizira kuposa a mufiriji, munthu ukanyowa nthiti ndiye kuti wapita kale. Ndinamuuza kuti iye ndi Rose, Rose saloledwa kuyankhula pa mlanduwu. Chitsekocho chafufuma, sichikulowanso pafelemu. Panopa kubafa tatchinga ndi chitenje ndipo Esnati sakundiyankhula bwinobwino.

Pobwerera tinatsikira pa wotchi paja, pafupi ndi buliji. Unayamba waimapo n'kuwerenga chikumbutso cha Viphya chija? Ine zaka zonsezi ndimangodutsa. Sitima inamira kumpoto uko mu July 1946, anthu 145, nyanja yathu yomweyi. Titanic anthu oposa 1,500, ndipo dziko lonse limadziwa mpaka nyimbo imene oimba ankaimba pomira. Athuwa palibe anawajambulira filimu. Sindikudziwa dzina la munthu ngakhale mmodzi amene anali m'menemo. Ndinaima pamenepo ndi chitseko chonyowa pamutu ngati wamisala.

Sadaka ya Jafali inachitika Loweruka lapitali. Ndalama yako ndinapereka m'manja mwa Che Mdala, akuthokoza. Anthu anabwera ambiri, mpunga unakwana. Saidi anabwera koma anakhala kutali, pansi pa mtengo wa mango, sanadye. Sanabwererenso panyanja chichitikireni zija, akuti akuthandiza mlamu wake kuwotcha njerwa. Pafoni sindinakuuze zonse. Mwera utagubuduza bwato usiku uja, awiriwo anagwira chigubu chimodzi cha petulo, cha malita 20 chija. Anakhala nacho mpaka nkhuku zitatsala pang'ono kulira. Saidi akuti anangoona kuti chigubu chapepuka. Sanamve mawu, sanamve kanthu. Anthu ena pamaliro ankanong'onezana zimene ukuganizazo, ndipo mkazi wa Jafali mpaka lero sanamupatse moni. Ine Saidi ndimamudziwa kuyambira tili ku pulayimale. Sindikhulupirira. Koma Lachiwiri lija, pamene mtsikana akumasula zala za mnyamata pathabwa, ndinaimitsa filimu n'kutuluka panja. Panalibe jenereta yoti ndinamizire.

Basi, tisiye.

Ya William Kamkwamba ija ndinali nditaonera kale, koma ndabwerezanso ndi ana. Ndi yabwino, ndipo njala ya 2002 anaijambula moti amayi anadzuka pakati n'kupita kukhitchini osanena kanthu. Fumbi lake ndi la ku Kasungu lenileni, anajambuliradi konko. Koma Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, mnzanga! Anayesetsa, ndimulemekeza, munthu wobadwira ku London kuphunzira chilankhulo chathu si masewera. Koma akamakalipira mwana wake, ana kuno amagubuduka ndi phwete pamalo poti alire. Mnyamata amene anasewera William ndi wa ku Kenya, nayenso lilime limamulemera. Lily Banda akangotsegula pakamwa umamva kuti eya, uyu ndi wathu, makutu amapuma. Za Shemu Joyah bwanji sunaikemo? The Last Fishing Boat ndimaifunafuna, nkhani ya m'mbali mwa nyanja yomwe ino, koma anyamata okopera mafilimu pamsika akuti alibe. Ali ndi Rambo zigawo zonse, ya kwathu alibe.

Kunena za Rambo, kwa Che Bakali masiku ano ndi mpira wokhawokha, Arsenal ndi Manchester United, mafilimu aliyense akuonera pafoni yake atavala zam'makutu. Bolodi lija ankalembapo ndi choko, lakuti lero Commando, Arnold yekha kutha asilikali chilumba chonse, analichotsa. Mabenchi ndi omwe aja, dzina lako lidakalipo pamene unalemba ndi msomali. Anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa ndiwo atenga malo, ndipo ena amandiseketsa zedi. Samasulira ayi, amangopeka nkhani yawo. Mzungu akulankhula za bomba, iwo akuti akufunsa ngongole ya usipa. Ndinaonera ina ya Jet Li imene anamutcha dzina la Chiyao kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo kunena zoona inakoma kuposa yeniyeni. Koma lamulo lija silinasinthe, akita safa. Amuwombere, amuponye kuphompho, amumize, adzuka basi. N'chifukwa chake Titanic inatipweteka tonse tsiku lija. Tinalipira K5 yathu tikudziwa kuti akita safa, mpaka Jafali anaimirira kuuza Che Bakali kuti tepi yadumpha, abweze m'mbuyo, mnyamata uja atulukira kutsogoloku. Ukukumbuka? Anakana kutuluka mpaka mayina onse atatha kuyenda pa sikirini.

Kuonera ndekha sikukoma, Amidu. Yusufu amavomera chilichonse, ukati yabwino akuti yabwino, ukati yoipa akuti yoipadi. Esnati amagona ndewu ikangoyamba. Palibe wondiuza kuti ndine mbuli. Wati December ubwera, chaka chathanso unati December. Mapepala ako aja anatheka? Zimene timamva za kumeneko sizitigonetsa, amayi ako akangomva Joni pawailesi amathamangira kwathu kudzafunsa ngati waimba. Uziimba, ngakhale mphindi imodzi.

Iii, ndikanaiwala. Esnati masiku ake ayandikira, achipatala akuti kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Akakhala wamwamuna ndikufuna dzina la Jafali, iye akukana, akuti dzina la womira m'madzi sapatsa mwana. Ndinati nanga Jack? Anandiponyera chipande.

Ukamatumizanso fulashi uikemo Mr Bones ndi ija ya botolo la Coca-Cola logwa kumwamba, amayi amaikonda, komanso Sarafina ya Shakira, aone kumene bambo ake akukhala kunali zotani mu 1976. Usaikemo za mizukwa. Ndiponso mahinjesi awiri a chitseko, akuno ndi osalimba, ndipo ngati ungapeze pulena yaing'ono yotchipa chifukwa kalipentala wa pa kona uja akufuna ndalama yoti ndikanagula chitseko chatsopano. Foni yatsala 3 peresenti ndipo pepala ndi lomalizali, kuseri kuli masamu a mwana. Za thabwa zija uyankhe bwinobwino, osati zachidule, ndipo uganizirenso za jekete ija, chifukwa ngati akanaimangirira pansi, mbali imene kunali mnyamata, ndiye kuti