Matani 20 a helikopita ya Mi-26 si a tsiku lililonse

Akonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga pa helikopita ya Mi-26, imene ambiri amaitama kuti imanyamula matani 20 ngati kuti imatero paliponse.

Ndegeyi anaikonza ndi akatswiri a kampani ya Mil ku Moscow motsogozedwa ndi Marat Tishchenko. Inauluka koyamba pa 14 Disembala 1977 ndipo amaipangira ku Rostov-on-Don. Ili ndi mainjini awiri a D-136, iliyonse ya horsepower 11,400, ndi mapiko asanu ndi atatu otambalala mamita 32. Koma luso lenileni lagona mu giyabokosi. Shafiti ya injini imazungulira maulendo opitirira 8,000 pa mphindi, pamene mapiko amafuna pafupifupi 130 basi. Mphamvu yonseyo ikanadzera pa giya imodzi, mano ake akanagumuka. Choncho anaigawa kuti idzere m'njira zingapo, magiya ang'onoang'ono ambiri n'kumakankha limodzi giya yaikulu. Ngakhale zili choncho, giyabokosiyo payokha imalemera matani oposa atatu ndi theka, ndipo amakaniko akapeza tizidutswa ta chitsulo m'oyilo wake ndegeyo siyenera kuuluka mpaka atapeza pamene pakudyekapo.

Matani 20 aja amatheka pamalo otsika, kunja kukuzizira, ulendo uli waufupi. Kumapiri ndi kotentha mpweya umapepuka: mapiko sagwira mokwanira, injini nayonso imafooka. Mafuta a ulendo wautali amalandanso malo a katundu, poti ndege yonse siyenera kupitirira matani 56 ponyamuka. N'chifukwa chake mu 2002, pamene Mi-26 inakanyamula helikopita ya Chinook ya asilikali a America imene inawonongeka m'mapiri a Afghanistan, anayamba akhuthula mafuta a Chinook ija ndi kuichotsa mapiko. Katundu wolendewera pa chingwe amavutanso, akayamba kupendekera uku ndi uku amakoka ndege yonse, ndiye woyendetsa amachepetsa liwiro.

Ntchito yaigwira ndithu. Inathandiza pa ngozi ya nyukiliya ya ku Chernobyl mu 1986, ndipo chivomezi cha 2008 cha ku Sichuan, m'dziko la China, chitagumula mapiri n'kutseka mtsinje ku Tangjiashan, inatula makina okumbira pamalo amene msewu sunkafika.

Chimene chimandiwawa ndi cha ku Khankala, ku Chechnya, pa 19 Ogasiti 2002. Mu Mi-26 ina munalongedwa anthu oposa 140, kupitirira kwambiri mipando yake. Mzinga wowombera paphewa unagunda injini, ndege inagwera pamalo okwiriridwa mabomba, ndipo anthu 127 anafa.

Vuto la lero ndi zipangizo. Mainjini a D-136 amapangidwa ku Zaporizhzhia, m'dziko la Ukraine, ndipo chiyambire mkangano wa Russia ndi Ukraine mu 2014, eni ndegezi akuvutika kupeza mainjini atsopano ndi kokonzetsa akale.

Ine,
Wowerenga nyuzipepala yanu