Kalata kwa make Tadala: za mowa ndi za kulera

Wokondedwa mwana wanga, make Tadala,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Salimako. Kuno ku Nkhotakota tilipo. Ndayamika Mulungu kuti mdzukulu wanga wapeza malo ku koleji. Nkhani wandifunsayi singathe pafoni, n'chifukwa chake ndalemba, kuti uwerenge modekha kenako uwapatsenso akamwini awerenge.

Ukuti bambo ake akufuna kuti mwana ayambe kulawa mowa pakhomo iwo akuona, kuti usakamudabwitse kumeneko. Iwe ukuti za makondomu ndi kulera sungayerekeze n'kuzitchula, poopa kuti aziyesa wamuloleza chiwerewere. Nonse awiri mwazigwira mozondoka. Mowa musamugulire. Za kulera mumuthandize, ndipo muchite zimenezi asananyamuke.

Pa zaka 19 lamulo silimuletsa kugula mowa, malire ndi zaka 18, ndiye si za lamulo zimene ndikunena. Maganizo a akamwini ndi a makolo ambiri, ndipo anayesedwapo. Ku Australia akatswiri anatsatira achinyamata oposa 1,900 kwa zaka 6, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Ana amene ankapatsidwa mowa ndi makolo sanatetezeke. Ambiri mwa iwo anayambanso kuupeza kwina, ndipo ankamwa mwauchidakwa kuposa anzawo amene sankapatsidwa. Anawo anali ocheperapo msinkhu kuposa Tadala, koma chifukwa chake n'chimodzimodzi: mwana akalandira botolo m'manja mwa bambo ake saphunzira muyezo, amangomva kuti kwathu n'zololedwa. Komanso mowa wa pakhomo ndi botolo limodzi atadya nsima. Wa ku hositelo ndi wotchipa, waukali, womwa ndi njala, anzake akumuchemerera. Dziwaninso kuti mbali ya ubongo imene imamuuza munthu kuti "basi, pakwana" imamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25.

Koma kusamugulira sikutanthauza kukhala chete. Mowa akaupeza, ndipo ngati sakamwa iye akamwa mnzake wogona naye chipinda. Mumuuze masamu ake. Botolo la Carlsberg Green ndi mamililita 330, ndipo mphamvu yake ndi pafupifupi 5 pa 100. Mowa waukali uja unkabwera m'masacheti boma lisanaletse, umene tsopano uli m'timabotolo tapulasitiki, umafika cha pa 40 pa 100. Choncho mamililita 40 okha a umenewu akufanana ndi Green mmodzi, ndipo kabotolo ka mamililita 200 ndi ma Green asanu. Akathiramo Fanta ukali sumveka pakamwa, munthu n'kumaliza kabotolo konse mu theka la ola. Chiwindi chimatenga ola limodzi kapena kuposerapo kuti chichotse mowa wa botolo limodzi, ndipo palibe choifulumizitsa ntchitoyi: khofi, madzi ozizira kumutu kapena kudya pambuyo pake sizithandiza. Mtsikana amaledzera msanga kuposa mnyamata atamwa mofanana, chifukwa thupi lake lili ndi madzi ochepa osungunula mowawo. Asapikisane nawo.

Kachasu ndi mowa uliwonse wosadziwika kochokera asakhudze n'komwe. Palibe amadziwa mphamvu yake, ndipo wina amasakanizidwa ndi poizoni wotchedwa methanol. Kuopsa kwake n'kwakuti zizindikiro zimachedwa, mwina mpaka tsiku lotsatira: mutu waukulu, m'mimba kupota, maso kuona chifunga. Anthu amangoti ndi matsire, n'kumusiya agone. Ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa akachedwa amachita khungu kapena kufa kumene.

Mnzake akaledzera mpaka kukomoka, asamugoneke chagada. Amugoneke cham'mbali, bondo lapamwamba lopinda, nkhope yoyang'ana pansi pang'ono kuti masanzi atuluke osamutsamwitsa. Asamumwetse kanthu, asamukakamize kusanza, ndipo asamusiye yekha. Ngati sakudzuka pomugwedeza, akupuma kosakwana ka 8 pa mphindi, kapena thupi lazizira, afune galimoto. Ana ambiri amazengereza poopa kuti akuluakulu a sukulu amva. Umuuze kuti mlandu wa kusukulu umatha, maliro satha.

Ife a kunyanja tili ndi lamulo linanso. Ana a koleji amakonda maulendo a ku Senga Bay, ndipo mwana wa ku Salima amadziyesa katswiri pamadzi. Wamwa asalowe m'nyanja, ngakhale madzi a m'chiuno, makamaka nthawi ya mwera. Asakwerenso kabaza kapena galimoto imene woyendetsa wake wamwa. Kumacheza, chakumwa chitsegulidwe iye akuona, akachisiya patebulo n'kuchokapo asachibwererenso, ndipo anzake amene wapita nawo ndi omwewo abwerere nawo.

Tsopano ku mbali imene ukuchita nayo manyazi. Kumuuza mwana za kulera sikumuyambitsa kugonana. Zimenezi zafufuzidwa m'mayiko ambiri ndipo yankho limatuluka lomwelo: achinyamata odziwa sayamba msanga kuposa anzawo, kungoti akayamba amadziteteza. Kuno kwathu kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pathupi. Sindikhulupirira kuti n'chifukwa choti amayi awo anawauza zambiri. Zofuna za mtima wako umuuze poyera, kuti ukadakonda adikire, ndi kuti kudziletsa ndiyo njira yokhayo yosaphonya. Anamva zimenezo kutchalitchi ndi kwa anankungwi, amvenso kwa iwe. Ukatero upitirize, usaimire pomwepo.

Pali zinthu ziwiri zopewa, mimba ndi matenda, ndipo kondomu yokha ndiyo imatchinga zonse ziwiri. Jakisoni, mapiritsi ndi zina zonse siziteteza ku HIV, chindoko kapena chinzonono. Koma mwa amayi 100 odalira kondomu yokha chaka chathunthu, pafupifupi 13 amatenga pathupi, chifukwa tsiku lina yavalidwa, tsiku lina yaiwalika, ndipo nthawi zambiri woiwalitsa wake ndi mowa uja. N'chifukwa chake mtsikana amene wayamba chibwenzi chogonana amafunika ziwiri pamodzi, kondomu ndi njira ina.

Makondomu ndi aulere kuzipatala za boma, ndipo a Chishango ali m'magolosale. Muikire m'chikwama pamodzi ndi sopo ndi mapadi, osachititsa msonkhano. Koma kagwiritsidwe kake umufotokozere. Aone tsiku lothera ntchito pa paketi. Asasunge padzuwa kapena m'thumba la jinzi, chifukwa kutentha ngati kwathu kuno kumafoola mphira. Paketi ang'ambe ndi zala, osati mano. Ivalidwe asanakhudzane n'komwe, nsonga yake itatsinidwa kuti mpweya utuluke, apo ayi imaphulika. Vaseline ndi mafuta odzola zimaboola mphira m'mphindi zochepa. Kuvala ziwiri nthawi imodzi sikuwonjezera chitetezo, zimakhulana n'kung'ambika. Pomaliza mwamuna aigwire kutsinde potuluka, ndipo iliyonse ndi ya kamodzi.

Mapiritsi amafuna munthu wa dongosolo, limodzi tsiku lililonse pa nthawi yofanana. Pa kamwedwe ka anthu wamba, 7 mwa 100 amatenga pathupi pa chaka. Akaiwala limodzi kapena awiri amwe akangokumbukira n'kupitiriza. Akaiwala atatu kapena kuposa, apitirize kumwa koma adalire kondomu masiku 7. Akasanza pasanathe maola awiri chimwereni, piritsilo lapita pachabe, amwe lina. Amene ali ndi BP yokwera, kapena mutu waching'alang'ala umene umayamba ndi kuthwanima m'maso, awauze anamwino, chifukwa mapiritsi a mahomoni awiri samuyenera.

Jakisoni wa Depo ndi wa miyezi itatu, ndipo pali wina, Sayana Press, amene munthu amaphunzitsidwa kudzibaya yekha pamimba kapena pantchafu. Amene amatenga pathupi ndi 4 mwa 100, makamaka chifukwa chojomba tsiku lobwerera, choncho alembe tsikulo mufoni. Msambo umasokonekera, wina amangodontheza, wina umasiyiratu. Magazi sakuunjikana m'mimba monga amanenera anthu, kungoti chiberekero sichikupanga oti atuluke. Akasiya jakisoni, pathupi pamatha kuchedwa miyezi ingapo mpaka chaka, koma si kuuma.

Kwa mwana wa sukulu ya zaka zinayi, ine ndimaona kuti ya pamkono ndiyo yosavutitsa. Implanon ndi kandodo kamodzi kofanana ndi kamtengo ka machesi, ka zaka 3. Jadelle ndi tiwiri, ta zaka 5. Amabaya kaye mankhwala ochititsa dzanzi, n'kulowetsa pansi pa khungu mkati mwa mkono umene sagwiritsa ntchito kwambiri, ndipo zonse zimatha m'mphindi zochepa. Otenga pathupi safika ngakhale mmodzi mwa 100, palibe choiwala, ndipo akachotsa mphamvu yobereka imabwerera nthawi yomweyo. Vuto lake ndi msambo wosalongosoka miyezi yoyambirira, ndipo atsikana ambiri amachotsa chifukwa sanauzidwe kuti zimatero. Mankhwala a TB otchedwa rifampicin, ena a khunyu, ndi ma ARV okhala ndi efavirenz amafoola njirayi pamodzi ndi mapiritsi, choncho aliyense womulembera mankhwala azimuuza. Lupu ya kopa, imene amaiika m'chiberekero, ilibe mahomoni ndipo imakhala zaka 10 kapena kuposa, koma msambo umatha kuchuluka ndi kupweteka poyamba.

Jakisoni kapena ya pamkono ikaperekedwa m'masiku 7 oyamba a msambo imagwira ntchito pompo. Nthawi ina iliyonse pamafunika kondomu masiku 7. Ndikuti apite asananyamuke kuti zovuta za masabata oyamba zimupeze ali pafupi nawe, osati ali pakati pa mayeso.

Wosankha ndi iyeyo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati wa zaumoyo apereke njira yolera kwa woifuna posayang'ana kuti ali pabanja kapena ayi. Choncho safunika chilolezo chako, ndipo iwe ulibe mphamvu yomubayitsa mokakamiza. Ntchito yako ndi kumupatsa thiransipoti ndi kabuku kake ka kuchipatala, kumuperekeza ku chipatala cha boma cha Salima kapena ku Banja La Mtsogolo, n'kukhala pabenchi panja. Ngati akuopa kukumana ndi anthu omudziwa, abwere kuno ku Nkhotakota kapena akapite kufupi ndi sukulu yake. Zipatala za Akatolika sizipereka njira zimenezi, asataye ulendo. Akanena kuti sanayambe ndipo sakufuna kanthu, umukhulupirire, usamufufuze m'chikwama. Bola adziwe kopita.

Zimene ndikufuna aloweze pamtima ndi za pangozi, chifukwa pamenepo maola ndiwo amalamula. Kondomu ikaphulika, kapena zikachitika popanda chitetezo, pali mapiritsi olera a pangozi. Amagwira bwino akamwedwa msanga, makamaka m'maola 72, ndipo malire ake ndi masiku 5. Sachotsa mimba, amangochedwetsa dzira. Akasanza pasanathe maola awiri amwenso, ndipo msambo ukachedwa kuposa sabata akayezetse. Pa HIV pali mankhwala a PEP, oyamba pasanathe maola 72 ndi kumwa masiku 28 osadumphitsa. Zikachitika Lachisanu usiku asadikire Lolemba. Ngati wagwiriridwa, ndipo kugona ndi munthu woledzera mosazindikira n'kugwirira ndithu, ayambire kuchipatala, ngati n'kotheka asanasambe kapena kuchapa zovala, kenako ku Victim Support Unit ya polisi. Amve kuchokera pakamwa pako kuti atha kukuimbira usiku uliwonse ndipo sudzayamba ndi kufunsa kuti anamweranji. Mufoni mwake asunge 54747, nambala ya Chipatala Cha Pa Foni.

Ndipo ngati pathupi pabwera, abwere kwa iwe. Atsikana timawataya pa zitsamba, Surf ndi mapiritsi ogula mobisa, chifukwa choopa makolo. Amene wayamba kutaya magazi ambiri, kutentha thupi kapena kutuluka zonunkha athamangire kuchipatala, chithandizo chake chilipo ndipo sabwezedwa.

Za ndalama ndinene mwachidule. Muzimutumizira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, sabata ndi sabata, koma mosajomba. Ndalama ya mwezi wonse ikafika pamodzi imathera kumacheza, ndipo ikasowa kwa nthawi yaitali pamabwera azibambo a magalimoto, amene pa kondomu samva za mwana.

Mlongo wake uja ali Folomu 3 zimukhudzanso. Nthawi yake ikakwana, akamwini akhale naye pansi pa zonsezi, kuphatikizapo jakisoni ndi mapiritsi a pangozi, chifukwa mimba ya chibwenzi chake idzakhala yakenso. Botolo nayenso asamugulire poti ndi mwamuna, ndipo pakali pano n'kuphwanya lamulo kumene. Moni kwa onse pakhomopo.

Ndine,
Mayi ako